Masipuni Awiri a Magazi

Amalume anga anali telala, ndipo kwa zaka zoposa 20 makina awo osokera ankakhala pakhonde la golosale ina pamsika wakwathu. Lachiwiri lina m'chaka cha 2016, akupinda m'munsi mwa yunifolomu ya mwana wasukulu, anadandaula kuti mutu wawabaya ngati wina wawakhoma msomali, kenako anasanza, ndipo mnyamata amene ankaphunzira ntchito kwa iwo anaona kuti phazi lawo lakumanja latsetsereka pachopondera cha makina koma silikubwererapo. Pamene anthu ankawanyamulira kugalimoto, pakamwa panali patapotoka kale ndipo zimene ankayesa kunena sizinkamveka. Anali ndi zaka 54. M'thumba la jekete lawo tinapezamo kabuku kakuchipatala kosonyeza kuti anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi zaka 3 m'mbuyomo, ndiponso kuti mankhwala anakatenga kawiri kokha.

Pachipatala chimene tinafikira poyamba panalibe makina ounikira m'mutu, choncho panapita masiku awiri tisanafike kuchipatala chachikulu kumene anawajambula ndi makina a CT. Dokotala wachinyamata amene anatilandira ananyamula chithunzicho n'kuchiyang'anitsa kuwindo kuti kuwala kudutsemo, ndipo anatiloza banga loyera mbee limene linali mkatikati mwa ubongo, chakumanzere. Anati amenewo ndi magazi. Ine ndinayang'ana bangalo, m'mphepete mwake mukuoneka bwinobwino ngati wina wachita kulijambula ndi choko, ndipo ndinafunsa funso limene ndikukhulupirira kuti gadiyani aliyense amafunsa.

"Adokotala, poti magaziwo mukuwaona pamene ali, bwanji osangowachotsa?"

"Achimwene, kuti tikafike pamenepo tiyenera kudutsa mu ubongo umene uli bwinobwino," anatero. "Magaziwo tikhoza kuwachotsa ndithu, koma amalume anuwa n'kutuluka ali oipirapo kuposa mmene alili panopa."

Sindinamukhulupirire. Mumtima ndinati amenewo ndi mawu otonthozera amphawi, ndipo tikanakhala ndi ndalama zowatengera ku Johannesburg kapena ku India, bwenzi atalowa kale m'chipinda cha opaleshoni. Mkwiyo umenewo ndi umene unandiyambitsa kuwerenga za matendawa, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndivomereze kuti dokotala uja, m'mawu ake ochepawo, anandiuza mwachidule zimene madokotala a ubongo anali atapeza m'kafukufuku wa zaka zoposa 50.

Sitiroko, imene ambiri timangoitcha matenda opha ziwalo, ili mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo ngakhale odwala ake amaoneka mofanana kunjaku, zimene zachitika m'mutu zimakhala zosiyana kotheratu. Mtundu wofala kwambiri umabwera mtsempha ukatsekeka, mbali ina ya ubongo n'kusowa magazi. Mtundu winawo umabwera mtsempha ukaphulika, magazi n'kukhuthukira mkati mwa ubongo weniweniwo. M'mayiko olemera mtundu wachiwiriwu umapezeka mwa odwala 10 mpaka 15 pa odwala sitiroko 100 alionse, koma ndiwo wakupha kwambiri, chifukwa pafupifupi 40 pa 100 alionse amene wawagwira amamwalira mwezi usanathe. Kuopsa kwake kwagona pakuti chibade ndi bokosi lotseka limene silifutukuka. Magazi okwana mamililita 30, amene ndi masipuni aakulu awiri okha, atatayika pamwendo palibe amene angade nkhawa, koma m'chibade alibe kolowera, motero amang'amba ubongo pamene atulukira ndi kupanikiza mbali zoyandikana nazo. Kwa wodwala mmodzi mwa atatu alionse, bangalo limapitiriza kukula m'maola oyambirira. Pambuyo pake pamabwera kuwonongeka kwachiwiri, pakuti magazi oundanawo akayamba kusungunuka amatulutsa ayironi ndi zinthu zina zimene ndi poizoni ku ubongo, ndipo malo ozungulira amatupa kwa masiku angapo.

Malo amene mtsempha waphulikira ndi ofunika kwambiri pankhani yonseyi. Kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri kumafooketsa timitsempha ting'onoting'ono timene timalowa pansi penipeni pa ubongo, makamaka m'chigawo chimene madokotala amachitcha basal ganglia, pafupi ndi pamene pamadutsa mauthenga onse opita ku dzanja ndi mwendo. Mtundu wina wa kuphulikaku umachitika chapamwamba, pafupi ndi chibade, ndipo umenewu amautcha lobar. Umapezeka kawirikawiri mwa okalamba amene makoma a mitsempha yawo afooka chifukwa cha chinthu china chotchedwa amyloid chimene chimadzikundika m'menemo. Banga la amalume linali la pansi.

Mankhwala ayesedwa, ndipo zotsatira zake zakhala zogwetsa mphwayi. Mankhwala oundanitsa magazi otchedwa Factor VIIa anayesedwa pa odwala 841 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2008, pomwe tranexamic acid anayesedwa pa odwala 2,325 m'kafukufuku amene anatsogoleredwa kuchokera ku Nottingham n'kutuluka mu 2018. Onse awiri anachepetsako kukula kwa banga, koma patatha miyezi itatu odwala amene anawalandira sanali bwino kuposa anzawo. N'chifukwa chake maso a anthu akhala akubwerera ku mpeni ndi zida, ku funso lomwe lija limene ndinafunsa pawindo.

Munthu woyamba kuliyesa funsoli mwadongosolo anali dokotala wa opaleshoni ya ubongo dzina lake Wylie McKissock, amene ankagwira ntchito pachipatala cha Atkinson Morley ku Wimbledon, mumzinda wa London. Mu 1961 iye ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa odwala 180, amene ena anawachita opaleshoni ndipo ena anangowasamalira pabedi, ndipo amene anachitidwa opaleshoni sanapeze bwino kuposa anzawo, mwinanso anaipirapo. Tiyenera kukumbukira kuti nthawi imeneyo dokotala sankatha kuona magaziwo asanatsegule mutu. Ankangoyerekeza pamene ali poona mmene mitsempha yakhotera pachithunzi cha X-ray. Chodabwitsa n'chakuti pachipatala chomwecho, pa 1 Okutobala 1971, ndi pamene wodwala woyamba padziko lonse anajambulidwa m'mutu ndi makina a CT amene anapangidwa ndi Godfrey Hounsfield. Kuyambira pamenepo banga loyera lija linayamba kuoneka, ndipo madokotala ambiri anaganiza monga ndinaganizira ine, kuti poti tsopano tikuona, zotsatira za McKissock zatha ntchito.

Koma kuona banga ndi kudziwa kuti kulichotsa kumathandiza ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pamenepa ndi pamene ndinaphunzira chifukwa chimene kuyesa opaleshoni kulili kovuta kuposa kuyesa mapiritsi. Dokotala akamasankha yekha woti amuchite opaleshoni, amasankha amene akuoneka kuti apirira, ndipo amenewo akachira palibe angadziwe ngati wawachiritsa ndi mpeni kapena mphamvu zimene anali nazo kale. Njira yokhayo yothetsera vutoli ndi kuchita maere, kompyuta n'kusankha kuti uyu apite kuchipinda cha opaleshoni, uyu akhale kuwodi. Pa mapiritsi nkhaniyo imathera pomwepo, chifukwa mukhoza kupatsa gulu lina piritsi lopanda mankhwala popanda wodziwa. Munthu amene watsegulidwa mutu simungamubisire, ndipo anamwino, achibale ndi iye mwini amaona bala. Kuwonjezera apo, piritsi limakhala lomwelo kulikonse, pomwe opaleshoni imadalira manja a amene akuichita.

Palinso nkhani ya gadiyani. Wodwala wotere nthawi zambiri sangathe kuvomera yekha, choncho m'bale wake ndi amene amafunsidwa, usiku, mtima uli m'mwamba, kuti alole maere asankhe ngati bambo ake atsegulidwe mutu kapena ayi. Ndikadziika pamenepo m'chaka chija, ndikudziwa kuti ndikanakana, chifukwa ndinali nditatsimikiza kale kuti opaleshoni ndiye chithandizo ndipo china chilichonse ndi kutaya munthu. Mabanja ambirimbiri amene anavomera anali ndi mtima umene ine ndinalibe, ndipo chilichonse chimene ndilembe m'munsimu chinadziwika chifukwa cha iwo.

Kafukufuku wamkulu woyamba wa nyengo ya CT ankatchedwa STICH, ndipo anatsogoleredwa ndi David Mendelow wa ku Newcastle. Analemba odwala 1,033 m'zipatala 83 za m'mayiko 27, ndipo lamulo lake linali lakuti wodwala alowe pokhapokha ngati dokotala wake sakudziwadi njira yabwino. Patatha miyezi 6 ankatumiza mafunso papositi kwa odwala kapena achibale awo, kuti amene akuwerenga mayankho asadziwe kuti wodwalayo anali m'gulu liti. Zotsatira zinatuluka mu 2005. Mwa ochitidwa opaleshoni mwachangu, 26 pa 100 alionse anapeza bwino, ndipo mwa ongosamalidwa, 24 pa 100 alionse. Kusiyana kotere n'kochepa kwambiri moti kukhoza kungochitika mwamwayi. Panalinso chinthu china chimene chinasokoneza chithunzicho, chakuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi a m'gulu losachitidwa opaleshoni anadzachitidwabe pambuyo pake, matenda atakula. Palibe angawadzudzule madokotalawo, poti sungaonerere munthu akumira chifukwa chofuna kusunga manambala, koma zimenezi zinachititsa kuti magulu awiriwo afanane kwambiri kuposa mmene anafunira.

Mkati mwa manambala a STICH munaoneka kachizindikiro kakuti mwina odwala amene banga lawo lili pafupi ndi chibade amapindula, motero Mendelow anayambitsa STICH II pa odwala otere okhaokha, okwana 601. Mu 2013 zinapezeka kuti amene anamwalira kapena kulumala kwambiri anali 59 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni ndi 62 pa 100 mwa enawo. Kachiwirinso mpeni sunapambane moonekeratu. Izi ndi zimene dokotala wathu ankadziwa pamene ankandiyankha pawindo paja.

Apa anthu ena anasintha funso. Anati mwina kuchotsa magazi n'kothandizadi, koma njira yokafikira kumeneko ndi imene imawononga phindu lonse, popeza opaleshoni yakale imafuna kuchotsa chigamba chachikulu cha chibade, kudula ubongo wabwino ndi kuukankhira pambali ndi zitsulo. Daniel Hanley wa ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore anayesa kuboola kabowo kakang'ono, kulowetsa kapaipi kowonda pakati pa banga, kuyamwa zimene zingayamwike, kenako kumathiramo mankhwala osungunula magazi oundana kuti otsalawo azidontha kwa masiku angapo. Kafukufuku wake, MISTIE III, anali ndi odwala 506 ndipo anatuluka mu 2019. Patatha chaka, 45 pa 100 mwa oikidwa kapaipi ankatha kuyenda okha, poyerekeza ndi 41 pa 100 mwa enawo, ndipo kusiyanaku nakonso sikunafike pamlingo wokhutiritsa. Chimene chinatsala m'mitima ya anthu n'chakuti odwala amene magazi awo anachotsedwa mpaka kutsala mamililita 15 kapena kuchepera pamenepo anachita bwino kuposa amene anatsala ndi ambiri. Zinkaoneka ngati ganizolo n'lolondola koma chida chake sichinapezeke.

Kafukufuku amene anandidzutsa pampando ndi ENRICH, amene anayamba kulemba odwala mu Disembala 2016, chaka chomwe amalume anagwa, ndipo anatsogoleredwa ndi Gustavo Pradilla wa ku yunivesite ya Emory ku Atlanta. Njira yake ndiifotokoze mwatsatanetsatane, chifukwa pamene ndinaimvetsa ndinakumbukira manja a amalume. Ubongo kunja kwake uli ndi makwinya, ndipo pakati pa makwinyawo pali timakwawa tolowa mkati. Pansi pa makwinyawo pali ulusi wambirimbiri woyera, woyalidwa m'mizere, umene umanyamula mauthenga. Dokotala amachotsa kachigamba kakang'ono ka chibade, n'kulowetsa chubu chonenepa ngati chala chotchedwa BrainPath, chimene chili ndi nsonga yobulungira, kudzera m'kakhwawa kamodzi, motsogozedwa ndi chithunzi cha wodwalayo pakompyuta. Chubucho amachiyendetsa motsatira mzere wa ulusi uja kuti chiziupatula m'malo moudula. Telala aliyense amadziwa kusiyana kwa kudula nsalu ndi lumo ndi kulowetsa singano pakati pa ulusi wake, pakuti singano ikatuluka ulusiwo umabwerera m'malo mwake. Chubu chikafika pa banga, amachotsa chapakati chake n'kutsala ngalande yoonera, ndipo kudzera m'menemo amalowetsa kachida kotchedwa Myriad kamene kamayamwa ndi kuduladula magazi oundana. Dokotala amaona zimene akuchita, ndipo akapeza mtsempha umene ukukhabe amauwotcha pomwepo. Ntchito yonse imatha ulendo umodzi, popanda mankhwala osungunula magazi.

Analemba odwala 300 m'zipatala 37 za ku United States, a zaka 18 mpaka 80, amene banga lawo linali la mamililita 30 mpaka 80, ndipo opaleshoni inkayenera kuyamba pasanathe maola 24 chiyambire matenda. Anagwirizana asanayambe kuti azisuzumira zotsatira nthawi ndi nthawi, ndipo gulu limene likuoneka kuti silikupindula asiye kulilemba. Atafika pa odwala 175, lamulo limenelo linagwira ntchito. Anasiya kulemba odwala a banga la pansi, n'kupitiriza ndi a banga la pamwamba okha. Zotsatira zinasindikizidwa mu Epulo 2024 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Pamasiku 30 oyambirira anamwalira 9.3 pa 100 mwa ochitidwa opaleshoni, pomwe mwa enawo anamwalira 18 pa 100. Patatha masiku 180, pamuyeso umene 0 ndi imfa ndipo 1 ndi moyo wopanda chilema chilichonse, gulu la opaleshoni linapeza 0.458 ndipo linalo 0.374. Patadutsa zaka 63 kuchokera pa McKissock, kafukufuku wamkulu wa maere anasonyeza kuti kuchotsa magaziwo kumathandiza.

Ndinawerenga zimenezi usiku ndipo poyamba ndinamva ngati mlandu wanga wa pawindo paja wandikomera. Kenako ndinawerenganso modekha. Phindu lonse linachokera kwa odwala a banga la pamwamba. Kwa odwala a banga la pansi, onga amalume, magulu awiriwo sanasiyane. Dokotala uja analondola mu 2016, ndipo pa banga limene anandilozera akanalondolabe mu 2024.

Pali zifukwa zinanso zosathamangira kuimba nthungululu. Kafukufukuyu analipiridwa ndi NICO Corporation, kampani imene inkapanga zida ziwirizo, ndipo ngakhale zimenezi sizisonyeza kuti panali chinyengo, munthu wanzeru amadikira kuti ena opanda malonda pankhaniyo abwereze. Odwala 300 si ambiri. Madokotala ake anali osankhidwa ndi ophunzitsidwa mwapadera, m'zipatala zimene zili ndi chilichonse. Komanso kafukufuku wina wotchedwa MIND, amene anayesa chida china chodzera pakabowo kakang'ono pa odwala amene ambiri anali a banga la pansi, anaimitsidwa asanathe ndipo sanapeze kusiyana pamasiku 180.

Za banga la pansi, anthu ena ku Ulaya anayesa njira yosiyana kotheratu, yosakhudza n'komwe magaziwo. Anati ngati vuto ndi bokosi losafutukuka, titsegule bokosilo. Amachotsa chigamba chachikulu cha chibade mbali imene kuli banga, n'kutseka khungu pamwamba, kuti ubongo ukamatupa upeze kotupira, ndipo chigambacho amadzachibwezera pambuyo pa milungu kapena miyezi. Kafukufukuyu ankatchedwa SWITCH, anatsogoleredwa kuchokera ku Bern m'dziko la Switzerland, ndipo anayamba mu 2014 ndi cholinga cholemba odwala 300. Patatha zaka pafupifupi 9 anali atalemba 201 okha ndipo ndalama zinatha. Zotsatira za mu 2024 zinasonyeza kuti amene anamwalira kapena kukhala chigonere anali 44 pa 100 mwa otsegulidwa chibade ndi 58 pa 100 mwa enawo. Kusiyanako kukuoneka kwakukulu, koma pa odwala ochepa chonchi kunaphonya pang'ono mlingo umene asayansi amafuna kuti anene motsimikiza. Zimandiwawa kuganiza kuti funso lokhudza mtundu wa sitiroko umene unagwetsa amalume linatsala lopanda yankho lomveka chifukwa chosowa odwala 99 ndi ndalama zowalembera.

SWITCH inabweretsanso funso limene manambala sangaliyankhe okha. Ambiri mwa akafukufukuwa amayesa kuchira pogwiritsa ntchito makwerero amene anachokera kwa dokotala wa ku Glasgow dzina lake John Rankin mu 1957, ndipo anadzakonzedwanso pambuyo pake. Pa 0 munthu alibe chizindikiro chilichonse, pa 3 amayenda yekha koma amafuna thandizo pazina, pa 4 sangayende kapena kudzisamalira popanda womugwira, pa 5 ndi wachigonere, ndipo 6 ndi imfa. Ambiri mwa amene kutsegula chibade kunawapulumutsa anakathera pa 4. Pamisonkhano ya madokotala anthu amatsutsana ngati 4 iwerengedwe kuti ndi kupambana. Amalume ali pa 4. Akazi awo, amene ife timawatcha azakhali, amawasambitsa, amawagwira popita kuchimbudzi, ndipo anasiya geni yawo ya tomato kuti azikhala pakhomo. Nditawafunsa tsiku lina ngati satopa, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana, nati, "Kutopa ndimatopa, mwanawe, koma madzulo ndimakhala ndi wocheza naye." Sindinganene kuti banja lililonse lingayankhe chimodzimodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimaona kuti gadiyani amene akufunsidwa za opaleshoni yotere ayenera kuuzidwa mosabisa kuti 4 imatanthauza chiyani pakhomo pake.

Chimene chimandichititsa kuitsata nkhaniyi, ngakhale ikuchitikira ku Atlanta ndi ku Bern, n'chakuti sitiroko yophulika mtsempha ndi yofala kwambiri kuno ku Africa kuposa kumene amaifufuzako. Kafukufuku wotchedwa SIREN, amene anachitika ku Ghana ndi ku Nigeria, anapeza kuti pafupifupi wodwala sitiroko mmodzi mwa atatu anali wa mtundu umenewu. Kafukufuku wa ku Blantyre amene anatuluka mu 2016 anapeza pafupifupi mmodzi mwa asanu, ndipo kuthamanga kwa magazi ndiko kunali patsogolo pa zoyambitsa zonse. Kalembera wa zaumoyo wa mu 2009 anasonyeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa. Popeza kuthamanga kwa magazi kumaphulitsa makamaka timitsempha ta pansi, odwala athu ambiri ndi a mtundu uja umene ENRICH inasiya kuulemba, ndipo amakhala anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50 amene ana awo adakali pasukulu. Ngakhale kwa amene banga lawo lili pamwamba, malire a maola 24 ndi phiri lalitali kwa munthu amene ayenera kupeza galimoto, kufika pachipatala chaching'ono, kudikira ambulansi, ndi kukapeza makina a CT akugwira ntchito. Amalume anajambulidwa patadutsa maola oposa 50.

Pali chithandizo china chosakhala mankhwala chimene chinayesedwa ndi maere omwewa koma sichitchuka, mwina chifukwa chilibe mpeni. Wodwala wogona amaundana magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma choterocho chikathothoka n'kukatseka m'mapapo, chimapha. Kwa munthu amene wangotaya magazi mu ubongo, mankhwala ochepetsa kuundana ndi oopsa m'masiku oyambirira. Gulu la Martin Dennis ku Edinburgh linayesa kaye masokosi othina ndipo linapeza kuti sathandiza, amangotupula khungu. Kenako linayesa nsalu zokulunga miyendo zimene makina amazipopa mpweya ndi kuuphwetsa mosinthanasinthana, pa odwala 2,876, ndipo mu 2013 linapeza kuti kuundanako kunatsika kuchoka pa 12.1 kufika pa 8.5 pa 100 alionse. Kafukufuku winanso wa ku Australia wotchedwa AVERT, wa mu 2015, anapeza kuti kudzutsa wodwala ndi kumuyendetsa kwambiri pasanathe maola 24 kumachepetsa mwayi wochira, ngakhale kuti aliyense ankayembekezera kuti kuthandiza. Ndimakumbukira mmene ine ndi msuweni wanga tinkalimbanirana ndi anamwino kuti atilole tiwaimiritse amalume tsiku lachiwiri, poganiza kuti kugona ndiko kukuwafooketsa.

Chithunzi cha CT chija tidakali nacho, mu envelopu yakhaki imene azakhali amasunga pansi pa matiresi pamodzi ndi mapepala a nyumba. Chaka chatha ndinachitengera kwa mnzanga wina amene ndi dokotala, ndipo anandionetsa mmene amayezera kukula kwa banga, pochulukitsa m'litali, m'lifupi ndi kuya kwake n'kugawa pawiri. Anapeza mamililita pafupifupi 35, masipuni awiri ndi pang'ono. Pa zaka zawo ndi kukula kwa bangalo, amalume akanayenera kulowa mu ENRICH m'miyezi yake yoyambirira akanakhala kuti anagwera ku Atlanta, ndipo malinga ndi zimene zinapezeka, mbali iliyonse imene maere akanawagwera sikanasintha kwenikweni mmene alili lero.

Mawu anabwerera pang'onopang'ono patatha miyezi yambiri ya mafizo, ngakhale amatuluka molemera ndipo ena amasochera panjira. Makina osokera tsopano ali pakhonde la nyumba yawo, ndipo amene amapondapo ndi mnyamata uja, iwo atakhala pampando pambali pake, akuyendetsa chala chakumanzere pamsoko uliwonse asanalole kuti chovala chipite kwa mwini wake. Mankhwala a BP amamwa m'mawa uliwonse, azakhali ataimirira pomwepo mpaka ameze. Pa Khirisimasi yapitayi ndinakhala nawo pakhondepo n'kuwafotokozera za chubu chija, mmene chimalowera pakati pa makwinya ndi kupatula ulusi osaudula, ndipo ndinatenga kansalu kotsala ndi singano kuti ndiwaonetse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandilanda singanoyo ndi dzanja lamanzere, poti ndinali nditaigwira molakwika.

"Nanga akatha, mphwanga," anafunsa pang'onopang'ono, "pamutupo amasoka ndi ulusi wanji?"

Ndinawauza kuti ena amasokadi ndi ulusi, koma madokotala ambiri masiku ano amatseka khungu la pamutu ndi tizitsulo tonga ta sitepula, timene amadzatichotsa bala likapola. Anapukusa mutu, natembenukira kwa mnyamata wawo amene anali atasiya kuponda kuti amve nawo.

"Wamva? Ntchito yaulesi imeneyo. Iwe pitiriza, kolala iyo yapendama."